Kadontho ka M'buku la Malume

Malume analoza kadontho kakuda pambali pa noti m'buku lawo la nyimbo.

"Ukaona kadontho chonchi, mawu uwakoke. Uwonjezere theka. Yamba."

Ndinayamba. Nyimboyi ndinayenera kukaimba ndekha pa ukwati wa achemwali anga, ndipo pabanja pathu malume okha ndi amene ankatha kuwerenga mizere isanu ija yolembapo manoti a nyimbo. Buku lawolo linkanunkha chinyontho cha pansi pa bedi.

"Iyayi! Pamenepo wakokeranji?"

"Pali kadontho, malume."

Anawerama, n'kukanda ndi chikhadabo. Kadontho kanachoka.

"Aa, aka ayi. Ndi manyi a mphemvu."

Ananyambita chala, napukuta pamalopo, n'kunyambitanso chala chomwecho kuti atsegule tsamba lina. Tsambalo linali timadontho tokhatokha. Ndinayesa kuimbanso, mawu n'kuthawa.

"Kukhosi kwauma," anatero malume.

Anatulutsa switi m'thumba, naisenda, naigwira ndi zala zonyowa zija.

"Yasama, mwana wa mlongo wanga."

Ndinayang'ana kukhomo. Achemwali anali ataima pamenepo, manja pachifuwa, akumwetulira ngati ukwati wayamba kale.

Ndinatsinzina, n'kuyasama.