Tsiku limene Chikwanje anaomberedwa m'manja

Panali mkulu wina amene ankachita digiri yachiwiri ya zaumoyo pa yunivesite ina. Nzeru anali nazo, zimenezo palibe ankatsutsa. Koma pakamwa pake panali pakuthwa, moti anzake anangomutcha Chikwanje.

Pa ndandanda wa maphunziro awo, Lachisanu lililonse masana pankakhala semina ya ophunzira okhaokha. Mmodzi ankaima kutsogolo n'kufotokoza kafukufuku wake, anzake n'kumamufunsa ndi kumukonza pamene waphonya, asanakaonekere kwa akuluakulu oyesa mayeso. Chaka chimenecho kunabweranso mwayi woti wochita bwino koposa onse adzamutumiza kunja kukapitiriza maphunziro. Chikwanje atangomva zimenezo, anzake onse anasanduka adani ake.

Ankakhala mpando wakutsogolo atasanjikiza miyendo. Munthu asanamalize n'komwe kulankhula, iye dzanja lili kale m'mwamba.

"Achimwene, zimenezi mwalemba nokha, kapena wakulemberani mwana wanu?"

Tsiku lina anaimirira mayi wina, namwino, amene anabwerera kusukulu ana ake atakula kale. Chikwanje anamusiya afike pakati, kenaka anayasamula mokweza.

"Amayi, bwererani kuchipatala muzikabaya anthu jakisoni. Zakunozi zakukulirani."

Mayiyo anasonkhanitsa mapepala ake natuluka, misozi ili mbwembwembwe.

Atafika kunyumba, Chikwanje anafotokozera mkazi wake nkhaniyo uku akuseka. Mkaziyo sanaseke.

"Bambo a mwana, ndiye mukuti n'zoseketsa zimenezo? Anthu amenewo mudzawafuna. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa inu."

"Iwe, za kusukulu yaikulu ungazidziwire kuti? Kumeneko kulibe chibale. Wopita kunja ndi mmodzi basi."

Mphunzitsi womuyang'anira nayenso ankamukumbutsa kuti abweretse zimene walemba azione. Chikwanje ankangoti mawa, mawa. Kumbali ankanena kuti nzeru za nkhalambayo zinatha ntchito kalekale.

Lachisanu lake linakwana. Kafukufuku wake anali wa mankhwala othira m'zitsime. Anaonetsa kuti m'midzi imene inathira mankhwalawo, ana otsegula m'mimba anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi midzi imene sinathire. Anabwera atavala suti, atakonzekera nkhondo, mayankho obaya ali kunsonga kwa lilime.

"Mafunso?" anatero atamaliza.

Palibe anakweza dzanja.

"Ndati mafunso! Kapena zakupitirirani pamwamba?"

Mtsogoleri wa kalasi anayang'ana namwino uja. Namwinoyo anayang'ana pawindo. Kenaka mtsogoleriyo anayamba kuomba m'manja pang'onopang'ono, ena onse n'kutsatira.

"Zapamwamba zedi, achimwene," anatero mtsogoleriyo. "Musasinthepo ngakhale kadontho."

Chikwanje anatuluka atatukumula chifuwa. Kunyumba anauza mkazi wake kuti wawatseka pakamwa onse.

Tsiku la mayeso enieni, pakati pa akuluakulu oyesa panali pulofesa wina wamkazi wochokera ku yunivesite ina. Anamvetsera mpaka kumapeto, navula magalasi.

"Bambo, midzi yothira mankhwala munaiyendera liti?"

"M'chilimwe."

"Nanga yosathira?"

"M'dzinja."

"Tsono ana amatsegula m'mimba kwambiri nyengo iti, kaya pali mankhwala kaya palibe?"

Chikwanje anayamba kufufuza m'mapepala ake. Thukuta linatsikira m'khosi mwa malaya.

"Mwayerekeza chilimwe ndi dzinja, osati mankhwala," anapitiriza pulofesayo. "Miyezi yake mwatiwerengera nokha poyamba pomwe. Kodi ntchito imeneyi sinadutse pa semina ya anzanu?"

"Inadutsa."

"Ndiye kalasi yonse palibe anaona?"

Mphunzitsi womuyang'anira anangoweramitsa mutu. Akuluakulu oyesawo anagamula kuti Chikwanje ayambirenso kafukufukuyo, abwerere kumidzi konse kuja.

Potuluka anapeza anzake ali pakhonde, akudikira nthawi yawo yolowa. Analunjika kwa mtsogoleri wa kalasi, maso ali psuu.

"Munaziona, eti?"

"Tonse tinaziona. Musanafike n'komwe pakati."

"Ndiye bwanji simunanene? Ufiti umenewu! Mwandiphera chaka chathunthu!"

Namwino uja anaimirira, namuyang'ana m'maso.

"Ine ndinatsala pang'ono kukweza dzanja, bambo. Mtima unandiwawa, chifukwa ndikudziwa kuti muli ndi banja. Koma ndinadzifunsa kuti, ndikamuuza munthu uyu, andithokoza kapena andivulanso pagulu? Ndinabweza dzanja langa."

Chikwanje anakadandaula kwa mkulu wa dipatimenti kuti anzake amuchitira chiwembu. Mkuluyo anamufunsa kuti ndi lamulo liti limene limaletsa munthu kuomba m'manja. Nkhani inathera pomwepo.

Mwayi wopita kunja unagwera mnyamata wina wofatsa, amene ntchito yake anzake anaikonza mobwerezabwereza mpaka inawala. Tchuthi chimene Chikwanje anapempha kuntchito chinatha digiri isanaoneke, ndipo abwana ake anakana kumuonjezera. Mkazi wake sanamunyoze, koma tsiku limene anzake ankavala mikanjo yolandirira madigiri, anamupeza atakhala kuseri kwa nyumba, foni atazimitsa, akulira ngati wafedwa.

Phunziro: Mnzako amene akukuonetsa pamene waphonya akukuchitira chifundo, ndipo chifundo sachikakamiza. Ukazolowera kunyazitsa anthu, sadzakubwezera ndi mwano ayi, adzangokhala chete n'kukuonerera ukulowa m'dzenje. Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo. Musaisunge nokha nkhaniyi, itumizeni kwa ophunzira anzanu, makamaka uja amene mwamuganizira pamene mumawerenga.