Mchombo wa Trevor

"Tiye tizipita, Daisy, kuno kulibe choona," anatero Trevor akukokera chipewa kumaso.

Chibwenzi chakecho chinakana. Daisy anali ataika pafoni apu yofotokoza malo akale a m'mudzi umene amayendamowo, kuseri kwa Chilobwe. Trevor anamuuza kale kuti anabadwira ku Nyambadwe, zakumudzi amangoonera pa TV.

Atafika pamtengo wa mango, Daisy anakweza voliyumu.

"Kuno mwana akabadwa, timakwirira mchombo wake pansi pa mtengo kuti asaiwale kwawo," anamveka mawu a mayi wokalamba pafonipo. "Apa pali wa mwana wanga Gervazio. Ali kubanki ku Limbe, akuti tsopano ndi Trevor. Kwa iyeyu mwambowu sunagwire."

Daisy anamuyang'anitsitsa Trevor.

"A Trevor alipo ambiri mu Limbe," anatero mnyamatayo.

Mayi wina amene amasesa chapafupi anasiya tsache, nayandikira. Mawu ake anali omwe aja a pafoni.

"Takulandirani, alendo. Achemwali, mujambuleni msanga ameneyu. Pa zakale zonse za m'mudzi muno, ndi yekhayu amene saonekaoneka."