Msomali wa Romano

Panali bambo wina dzina lake Romano, amene ankayang'anira jeradori, makina opanga magetsi, pa kachipatala kena ka kumbali ya ku Domwe. Amene anandiuza nkhaniyi analipo, ndipo mpaka lero akamaisimba amapsa mtima.

Chinali chaka cha 1985, nkhondo ya pachiweniweni ili m'chimake. Jeradoriyo inali ndi ntchito imodzi: kuyendetsa jeleira yoziziritsira katemera wa chikuku. Katemerayo anafika movutikira kuchokera ku Tete, pa galimoto zoperekezedwa ndi asilikali, ndipo Loweruka la sabata imeneyo ana a midzi yonse yozungulira anayenera kubayidwa.

Nkhuni zinali zosowa, chifukwa kuphiri anthu ankaopa mabomba okwirira. Lachiwiri kunabwera mlendo atanyamula fogau lophikira ndi magetsi pa ngolo. Anati anagwirapo ntchito ya magetsi ku Tete. Romano anagula fogaulo pomupatsa matumba awiri a kachewere, mtima uli m'mwamba kuti mkazi wake sadzapitanso kuphiri.

Mlamu wa Romano, a Perpétua, ankaphunzitsa masamu ku Ulongwe asanathawire kumudzi. Anagwada kuseri kwa fogaulo, nawerenga kachitsulo ka manambala, kenako anatola khala nayamba kulemba pa simenti.

"Alamu, taonani apa. Fogauli likufuna mavolti 220 ndi maampere 20. Mukachulukitsa ziwirizi mupeza mphamvu yake, mawati 4400. Jeradori yanu alembapo mavolti 220 ndi maampere 10. Ndiye kuti imatha mawati 2200 basi, ndipo jeleira ikudyapo kale."

"Ndiye bwanji?" anatero Romano.

"Mukagawa 220 ndi 20 mupeza maomu 11. Maomu ndiwo amabweza magetsi kuti asathamange. Jeradoriyi ikufuna osachepera 22. Mukalumikiza, moto udutsa ngati madzi pa mzere wogumuka. Musayerekeze."

Mlendo uja anaseka. "Masamu a m'kalasi amenewo, amayi. Ife magetsi timawadziwira m'manja."

Romano anapsa mtima. Kudzudzulidwa pamaso pa mlendo kunamuwawa kuposa chilichonse.

"Alamu, makina awa ndawasunga zaka zisanu ndi chimodzi osamva za maomu anuwo. Sukulu yanu inatsekedwa, musasandutse ine mwana wa sukulu."

Anafufuta manambalawo ndi phazi, nalumikiza fogau. Nthawi yomweyo kunamveka "thu", magetsi nazima.

"Mwaonatu," anatero a Perpétua. "Imeneyo ndi fuzivelo, kawaya kamene kamadzipsereza kuti kapulumutse makina. Yakuchenjezani. Lekerani pomwepa."

Mlendo anachotsa fuzivelo yopserayo, naika msomali m'malo mwake. "Uwu sungapse," anatero.

A Perpétua anathamanga kukaitana anamwino, amene anali kutsidya kwa dambo kukathandiza mayi wodwala. Romano anayatsa mbale zonse za fogau, natereka nyemba. Jeradori inayamba kubuula. Kenako kunanunkha mphira wopserera, utsi wakuda nutuluka m'mbali. Msomali sunapsedi. Chinapsa ndi jeradori.

Mlendo anati akukatenga zida zokonzera. Anapita ndi ngolo yake ndi kachewere yemwe, osaonekanso.

Anamwino anayesa kukuta jeleira ndi masaka onyowa, koma pofika Lachisanu katemera yense anali atawonongeka. Msewu wa ku Tete unali utatsekedwanso.

Loweruka m'mawa amayi anadzaza pabwalo, ana kumsana. Ena anayenda mtunda wa maola anayi m'njira zoopsa. Anamwino anamugwira Romano pa dzanja namuimika patsogolo pawo.

"Ine sindinena. Auzeni nokha."

Romano ananena, maso ali pansi. Mayi wina wachikulire anamulavulira malovu pa mapazi.

"Amuna athu anatha ndi mfuti," anatero mayiyo. "Ana athu atha chifukwa cha mphika wanu wa nyemba?"

Pakati pa amayiwo panalinso mkazi wa Romano, Bernadete, atabereka mwana wawo wa miyezi khumi, Glória. Anangotembenuka n'kumapita.

Chikuku chinafika mwezi wa Ogasiti, chisanu chisanathe. Chinalowa nyumba ndi nyumba. Pa manda aang'ono khumi ndi atatu amene anakumbidwa mwezi umenewo, achisanu ndi chiwiri anali a Glória.

Atachoka kumanda, Bernadete anamanga kamtolo ka zovala. Romano anaima pakhomo kuti amuletse.

"Patukani," anatero mkaziyo. "Nkhondo ikanandiphera mwana, ndikanatukwana munthu amene sindimudziwa. Koma inu ndizikuonani m'mawa uliwonse, n'kumakupatsani madzi osamba? Ayi."

Anawoloka malire kupita kwa abale ake ku Dedza, ndipo sanabwerenso.

Phunziro: Musanalumikize chipangizo chilichonse, werengani manambala ake. Mavolti kuchulukitsa ndi maampere ndiyo mphamvu, mavolti kugawa ndi maampere ndiwo maomu. Fuzivelo ikapsa, funsani chifukwa chake, musaikepo msomali. Ndipo wodziwa akakuchenjezani, mezani matama anu, chifukwa olipira liuma lanu akhoza kukhala ana osalakwa. Uthengawu usathere pa inu, ufikitseni kwa aliyense amene amagwira mawaya.