Mayi Amene Ankapuma Papepala

Mutsutsa, ndikudziwa. Koma kuli mayi anapitiriza kupuma atamwalira kale, ndipo umboni wake ndi wosayinidwa.

Panali mkulu wina dzina lake Aubrey, wogonetsa odwala pa opareshoni, pachipatala china chakuno kwathu. Ntchito yake inali kukhala kumutu kwa wodwala, kumalemba mmene mtima ukugundira ndi mmene akupumira mpaka atadzuka. Koma mkuluyu analinso ndi sikelo yogulira soya pa Nsaru. Wodwala akangogona, iye ankalemberatu pepala lonse mpaka pamapeto: "Wadzuka bwino." Akatero uyo pakhonde, foni kukhutu, kukangana mitengo.

Nesi wina, mayi Ethel, anamuchenjeza. "Achimwene, mwayamba liti uneneri? Mukulemba zomwe sizinachitike."

"Asisi, anthu akumudzi ndi olimba. Manambala ake ndi omwewomwewo."

Tsiku lina m'mawa anabwera naye Tereza wa ku Kabudula, mwana atapingasa m'mimba. Aubrey anamugoneka, kulemba, kusayina, kutuluka. Mwana anabadwa wamoyo. Adokotala maso ali posoka, mayi Ethel ali ndi khanda m'manja, Tereza anasiya kupuma popanda womuona. Pomwe ankamuitana Aubrey n'kuti zitatha.

Mwamuna wa Tereza, Nasoni, anakadandaula, ndipo kunabwera akuluakulu ochokera m'tauni. Anayala mapepala awiri patebulo n'kuwerenga mokweza. La adokotala linkati Tereza anamwalira m'mawa womwewo. La Aubrey linkati anapuma bwino mpaka masana, anadzuka, anayankha ataitanidwa dzina.

Nasoni anafunsa motsitsa mawu. "Bwana, ndiye kuti tinakwirira wamoyo eti? Ndiuzeni ndikafukule. Mwana kunyumba akulirira bere."

Mmodzi wa akuluakulu aja anatembenukira kwa Aubrey nati, "Mukanalemba zoona, tikanati mwina ndi ngozi. Koma apa mwadzichitira umboni nokha kuti munalibepo." Anamuchotsa ntchito tsiku lomwelo.

Phunziro: Lembani zomwe maso anu aona, pa nthawi imene mwazionayo. Munthu amene mwamugoneka sangakuwe, pakamwa pake ndi inuyo. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense wogwira ntchito kuchipatala, olo akwiye. Koma ndiulule, zoti anamuchotsa ntchitozo ndapeka ndine, kuti mitima yanu ikhale pansi. Anangomusamutsira kuchipatala china, ndipo mawa m'mawa ali ndi wina woti amugoneke.