Phiri Patsogolo pa Maliro

Ndinkatsikira ku tauni ya Debark kukagula mabatire a kamera. Kutada, ndinakumana ndi maliro pamsewu. Kwathu sitiika munthu usiku.

Patsogolo panali mlongo wanga Tiruwork, atakweza chithunzi m'mwamba monga timachitira, kuti anthu aone nkhope ya womwalira. Koma pachithunzicho panalibe nkhope. Chinali chithunzi changa chapamtima, phiri la Ras Dashen litafunda nkhungu, chomwe ndinachisiya pakhoma kunyumba.

"Iwe Tiruwork! Wamwalira ndani?"

Sanacheuke. Anthu ankandidutsa uku ndi uku, osandikhudza ndi mmodzi yemwe. Tiruwork ankadandaulira mayi wina pambali pake, akutchula dzina langa.

"Yihune uja, amayi, zaka zonsezi kujambula mapiri okhaokha. Tasakasaka nyumba yonse. Cha nkhope yake palibe ngakhale chimodzi."