Yunivesite Pabwalo la Nangondo

Chithereni nkhondo imene inawotcha yunivesite, lamulo ndi lakuti aphunzitsi ake azisungidwa m'makomo, ndipo aziphunzitsa okhawo amene anagwirapo mfuti.

Nangondo anapatsidwa a Pulofesa Chimkwita. Ankawaphikira, n'kumasesa pansi pa mtengo wa mango pomwe ankaphunzitsira. Mwana wake Tinenenji, amene anakhoza bwino Folomu 4, ankapeta mphale kuseri kwa mpanda, khutu lili kuphunziro.

Tsiku lina wophunzira wina anadandaula kuti mtsikanayo akuba maphunziro.

"Mayi, muzimutuma kudimba," anatero a Pulofesa, maso ali pansi. "Angandichotse ntchito."

Nangondo anamuyang'anitsitsa wodandaulayo. Anali Zuze yemwe uja, amene nthawi ya nkhondo ankang'amba mabuku a ku yunivesite n'kumapichirira fodya.

"Tenga khasu, mwanangu," anatero Nangondo mokweza. "Unalakwa wekha, sunawotche kanthu."