Chikosa pa Mlatho wa Zingwe

Mayi Benedicta sanagogode. Anakankha chitseko cha kuseri kwa shopu ya Anwar ku Fordsburg, mu Joni, n'kupeza anthu anayi akuluakulu ndithu atazungulira tebulo Lamulungu masana, akuponya madayisi pa mapu ojambula pamanja.

Mpando wachisanu unalibe munthu. Unali wa mwana wa mayiwo, Davide, amene apolisi anamugwira alibe mapepala n'kumubweza ku Balaka miyezi iwiri yapitayo.

Masewerowo mayiwa ankawadziwa, Davide anawaboola nawo m'makutu zaka zitatu. Aliyense amakhala ndi munthu wake wolembedwa papepala. Anwar amasimba nkhani, enawo amanena zoti anthu awo achite, madayisi n'kugamula. Wa Davide anali Chikosa, wankhondo wa nkhwangwa.

"Davide anandiimbira dzulo," anatero mayiwo osapereka ndi moni. "Akuti mwezi ukatha akubwera, mapepala kaya palibe, adzawoloka mtsinje wa m'malire. Akuti Chikosa akumudikira. Ali kuti Chikosayo?"

Anwar anatsegula kope lakuda. Buku logula la masewerowo anali nalo, koma malamulo enieni a tebulo limeneli anali m'kopemo, opanga okha.

"Musade nkhawa, mayi. Lamulo lachinayi: mwini akachokapo, munthu wake amagona, palibe womukhudza. Tinamusiya pa mlatho wa zingwe. Mpando uwo ndi wa Davide, kaya patha zaka khumi."

"Amagona? Inu mukutola golide, wanga akuliza mkonono? Adzabwere adzapezeke kumchira? Bweretsani pepalalo kuno, ndimuyendetsa ndine."

Omega, mtsikana wa kuyunivesite, anaseka. "Eish, mayi, dayisi mumayidziwa n'komwe?"

"Iwe khala chete, ndikulankhula ndi mwini shopu."

Anwar anati lamulo silikulola.

"Linagwa kumwamba lamulolo? Si bolopeni iyo ili apoyo? Lembani lina."

Anayamba kunenerera ngati pa tomato. Mayi Benedicta anafuna masabata anayi. Anwar anati n'zosatheka. Mayiwo anatsika kufika awiri. Anwar anapukusa mutu. Mayiwo ananyamula chikwama, nati akauza Davide kuti anzake anathamangitsa mayi ake ngati galu. Apa Anwar anagwa mphwayi.

"Kamodzi kokha, mayi. Lero basi."

"Kamodzi. Koma chimene ndinene chikhale chomwecho. Zoti tibwereze ayi."

Onse anayi anakweza manja, paja lamulo latsopano limalowa m'kope pokhapokha onse avomere. Anwar analemba: wamagazi amodzi akhoza kuyendetsa munthu wa mbale wake kamodzi, ndipo mawu ake sabwezedwa.

Mayiwo anakhala pampando wa Davide, pepala la Chikosa m'manja. Linali lothetheka m'mbali, lodzaza ndi zilembo zing'onozing'ono za mwana wawo. Anangoliyang'ana, sanayese kuliwerenga.

"Koma musamale," anatero Omega, tsopano osaseka. "Lamulo lachisanu ndi chiwiri analemba Davide yemweyo. Wakufa sadzuka. Pepala limang'ambidwa, mwini wake sakhalanso patebulo pano."

"Ndamva. Simbani."

Anwar anatsitsa mawu. Mlatho ukugwedezeka ndi mphepo. Pansi pali phompho losaoneka polekezera. Kutsidya anzake akumukodola, chipata cha mzinda chili chotsegula, mapazi khumi okha. Chikosa wadzuka, nkhwangwa ili paphewa.

"Achite chiyani, mayi?"

"Adumphe."

"Adumphire kutsidya? Ponyani dayisi iyi."

"Pansi."

Anwar anayang'ana zimene anali atangolemba, inki isanaume. Mayi Benedicta anang'amba okha pepalalo pakati, n'kuimirira.

"Davideyo mumuimbire inuyo, mumuuze kuti kuno kulibenso chomudikira. Mkulu wake ndinamutumiza kumudzi m'bokosi, pangolo ya basi, pakati pa mafiriji a anthu. Uyu yekha Joni samudya."